Makiyi a Malemu

Garaja ya a Khutu ndi shopu yanga yosokera zovala, khoma ndi limodzi. Dzinali tinawapatsa chifukwa iwo galimoto sayipima ndi makina, amayimvetsera. Ikangoti kete osalira, amathamangira ku sitata. Ikalira mwaulesi ngati munthu wodzutsidwa kutulo, amati ndi batire. Ikangoti zii, amayamba kutsata mawaya.

Koma ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Wina amakhala pampando kutembenuza kiyi, wina mutu uli m'boneti. Kwa zaka makumi atatu wotembenuzayo anali akazi awo. Tsiku lonse ndinkamva kuseri kwa khoma, "Lizani, mayi!" kenako, "Basi, siyani!" Mayiwo atamwalira chaka chatha, mawu aja anatha. Makasitomala ankatembenuza okha, galimoto ikalira n'kumapita.

Ndi pamene kapikapu ka a Khutu eni ake kanayamba matenda. Lero kalira, mawa kakana, mkuja kalira ngati sikanalakwepo. Anapala mitu ya batire mpaka kuwala. Anamasula sitata kawiri, n'kuipeza ilibe mlandu. Vuto la apo ndi apo ndi loipa, limafuna uligwire pomwe labwerapo, ndipo munthu mmodzi sangakhale pampando ndi kuboneti nthawi imodzi. Anthu a mumsewu wathu sachedwa kuseka. Ankadutsa akukuwa, "Sing'anga wadwala!"

Koma kuti apemphe munthu awatembenuzire, ayi. Masana ankadya okha pabenchi, wailesi ili chete. Zinkandimvetsa chisoni, komanso kunena zoona zinkandikwiyitsa.

Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anali atabereka kutali kumene basi sifika. Kawiri konse a Khutu analonjeza kupita, kawiri konse kapikapu kanakana. Lachinayi ndinamva foni yonse, poti amaikweza kwambiri.

"Ababa, makaniko wake uti amene galimoto imamukanika miyezi isanu? Ngati simukufuna kumuona mwanayu ingonenani. Mukapanda kubwera Loweruka lino, sindidzakuitananinso."

Lachisanu ndinasiya diresi pamakina n'kulowa m'garajamo.

"A Khutu, ndipatseni makiyiwo."

"Musavutike, a telala, ndithana nayo."

"Miyezi isanu mukuthana nayo. Mutu umodzi susenza denga. Bweretsani kuno."

Anandipatsa monyinyirika. Unali chimtolo cha makiyi oposa khumi, cholemera ngati loko ya pageti. Kusokosera kwake kunandinyansa, ndiye ndinaufumbata wonse m'manja. Iwo analowetsa mutu m'boneti. Kenako motsitsa mawu anati, "Lizani."

Kanalira. Tinabwereza kasanu, kanalira kasanu konse.

"Mwaona? Matenda athawa dokotala," anatero mokwiya. Anandichotsa pampando, n'kugwira kiyi ndi zala ziwiri, mtolo uja ukulendewera. Zii. Ndinabwererapo ine, kanalira. Apa a Khutu anasiya kuyang'ana injini, n'kuyang'ana dzanja langa.

"Tausiyani mtolowo ulendewere."

Ndinausiya, n'kutembenuza. Zii.

Anakhala pa tayala lakale. "Swichi yolowetsamo kiyi yadyeka m'kati. Makiyiwa akulemera, akukokera kiyi pansi, ndiye tizitsulo sitikukhudzana. Inu mumawanyamula m'manja, n'chifukwa chake ikulira." Anapukuta manja pa ovololo. "Zimenezi ndakhala ndikuchenjeza nazo anthu moyo wanga wonse."

"Nanga makiyi onsewa ndi a chiyani?"

Anayamba kuwatchula mmodzimmodzi. Uyu wa sutikesi ya malemu. Uyu wa kabati yawo ya mbale. Uyu wa loko ya njinga yomwe anagulitsa kalekale. Anawalumikiza ku kiyi wa galimoto tsiku lotsatira maliro, kuti kulikonse kumene akupita azimva akulira pabondo.

Swichi yatsopano ya kapikapu kakale ngati kameneka sipezeka tsiku limodzi. Njira inali imodzi yokha, ndipo tonse tinkaidziwa. Anayamba kuchotsa makiyi aja pa mphete yake ndi zikhadabo zakuda ndi oyilo. Zinawatengera nthawi yaitali. Sindinawathandize, sinali ntchito yanga.

Loweruka m'mawa ndikutsegula shopu, ndinamva kapikapu kakulira ulendo woyamba womwe. A Khutu anali atavala jekete, atameta ndevu. Anaima pakhomo panga kuti andisiyire kiyi wa garaja. Nditasuzumira pawindo la kapikapu kaja ndinaona makiyi aja ali pampando wa pambali, atawayalira kansalu koyera.

"Nawonso akamuone mdzukulu," anatero, maso ali kumsewu.