Fyuzi M'thumba la Ovolosi

A Fatsani Mlenga anaphunzira zamagetsi pa fakitale ya shuga ku chigwa cha Shire. Chala chawo chamkombaphala chinali chopindika kuyambira ali mnyamata, ndipo akafunsidwa ankangoti, "Waya anandiphunzitsa." Ku London anabwera mu 2001, kutsatira akazi awo a Gladys, omwe anali namwino. Anapeza fulati ku Thamesmead, pamwamba, pamene mphepo ya mumtsinje imalowera pansi pa chitseko. Chaka choyamba ankakolopa m'masitolo, imvi zili mbuu. Sanadandaule. Mapepala awo a ntchito atavomerezedwa, analembedwa pa kampani ina yaing'ono kufupi ndi Erith, m'shedi yaikulu m'mbali mwa Thames.

Kampaniyo inkamanga mapanelo, mabokosi achitsulo otalika ngati munthu, odzaza mabuleka ndi mafyuzi. Ena mwa mapanelowo ankapita ku siteshoni ya magetsi a nyukiliya kugombe la nyanja. A Mlenga sanakafikeko, koma ankadziwa chimene panelo imakateteza. Ng'anjo ya nyukiliya imazingidwa ndi chipupa chokhuthala cha konkire ndi chitsulo kuti mpweya wakupha usatuluke. Komabe mawaya ayenera kudutsa chipupacho, ndipo pamene adutsa pamamatidwa zolimba. Mawaya akagundana mkatimo, magetsi amathamanga mopitirira muyeso, waya amatentha, chomatira chija chimasungunuka, chipupa n'kukhala ndi bowo. Choncho waya aliyense amakhala ndi alonda awiri: buleka kutsogolo, fyuzi kumbuyo. Buleka ikakanirira, fyuzi imapsa n'kudula moto.

Anthunso ankagwira awiriawiri. Wina amanga ndi kuyesa. Wachiwiri atsegula chivindikiro chilichonse, aona ndi maso ake, kenako amanga chitseko cha panelo ndi kawaya kokhala ndi chidindo. Wachiwiri wa a Mlenga anali Chisenga, mayi wa ku Lusaka, wa zaka za m'ma sate, amene ankalera yekha mwana wake Miriam. Chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinali chomangiriridwa ku ntchito imeneyi. Ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi banja la a Mlenga ku Woolwich. Mayi ake atamwalira ku Lusaka iye osatha kupita, maliro anakhalira m'fulati ya a Mlenga, ndipo a Mlenga ndi amene analankhula monga bambo wake. Kuyambira pamenepo ankawatchula "ba tate", ndipo powapatsa tiyi ankapinda bondo, azungu a m'shedimo n'kumaseka.

Lachisanu lina mu Novembala 2006, a Mlenga ankayesa panelo yofunika mwachangu. Siteshoni inali itazimitsidwa kuti ikonzedwe, ndipo lole inali yoti inyamuke Loweruka masana. Poyesa buleka amaithira magetsi ochuluka dala. Mafyuzi akanapsa, ndiye amayamba awazula n'kuika m'malo mwake tizitsulo ta mkuwa timene amati malinki. Linki siipsa. Kuyesa kukatha, malinki amachotsedwa, mafyuzi n'kubwerera.

Ali mkati mobwezera mafyuzi, foni yawo inalira kamodzi n'kuduka. Anali mlongo wawo ku Chikwawa, kufulasha. Mchimwene wawo wamkulu anali m'chipatala sabata imeneyo. A Mlenga anatuluka panja, anakanda khadi loimbira kunja, anaimba. Odwala anali bwinoko. Ankangofuna kumva mawu. Anabwerera, anatseka zivindikiro zonse, anaitana Chisenga. Iwo anaima pambali akupukuta m'manja. Posakhalitsa chidindo chinali pa chitseko.

Loweruka m'mawa a Gladys anali atangoweruka ntchito, maso ali psuu, akusanthula matumba a ovolosi asanaiponye m'mashini ochapira. Anaika patebulo tepi, pensulo, ndi kanthu koyera, kolemera, kofanana ndi chidutswa cha chitsononkho.

"Bambo a Zikomo, miyala yanuyi idzandiphwanyira mashini. A landilodi mudzalankhula nawo ndinu."

A Mlenga anasiya kapu. Anatola fyuzi ija, anawerenga nambala yake. Inali ya panelo ya dzulo. Ngati fyuzi inali patebulo pawo ku Thamesmead, ndiye kuti pamalo pake panatsala linki, yotsekeredwa ndi chivindikiro.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Gladys.

"Mwina palibe. Chisenga anaona."

Anadziuza choncho akuimba. Mwina Chisenga anapeza linkiyo, anatenga fyuzi ina m'sitolo, n'kusafuna kuwachititsa manyazi. Foni inayankhidwa pakati pa phokoso la msika wa ku Woolwich, wina akukuwa mitengo ya nthochi.

"Ba tate, mwauka bwanji? Nili ku maketi na Miriam."

"Ndadzuka. Panelo ya dzulo, zivindikiro za mafyuzi unatsegula?"

Wa nthochi uja anapitiriza kukuwa.

"Chisenga."

"Ninayangana kunja, ba tate. Zonse zinali mushe."

"Ndafunsa ngati unatsegula."

"Munali imilile pamene paja. Manje ine ningayambe bwanji kusegula nchito yanu, imwe muyangana? Monga nikuyesani mwana wa sukulu?"

"Ndi kangati wachita zimenezi?"

"Za ena nimasegula zonse. Zanu mukachokapo nimasegula. Koma mailo simunachokepo."

A Mlenga anakumbukira. Dzulo lija anaimadi pomwepo, maganizo ali ku Chikwawa.

"Ndili ndi fyuzi m'manja muno. Kwera basi, tikumane ku shedi."

Basi ya ku Thamesmead imabwera ikafuna. A Mlenga anaima pa siteji, dzanja lili m'thumba la jekete, litafumbata fyuzi. Nambala ya Mayi Etta, kapitawo wa shediyo, inali m'foni mwawo. Anaiyang'ana, anabweza foni m'thumba. Basi itafika inaima pa siteji iliyonse. Apa mayi wa kangolo kokankhira mwana, apo mkulu wosowa khadi lake. Iwo anangoyang'ana wotchi ya pamkono.

Atafika, lole inali itayatsidwa kale pabwalo. Panelo inali m'bokosi lamatabwa, yomangidwa malamba. Dalaivala anali Sunday, wa ku Nigeria, munthu wa nthabwala, amene Chichewa chake chinali mawu awiri okha.

"Zikomo, madala!" anakuwa, kenako m'Chingerezi anafunsa ngati abwera kudzatsanzikana ndi mwana wawo wachitsuloyo.

A Mlenga anamuuza kuti azimitse injini. Sunday anaseka, anaona nkhope yawo, anasiya kuseka. Anati iye auzidwa kuti akafike kusanade, ndipo munthu woti angamuimitse ndi Mayi Etta okha. Anawapatsa nthawi mpaka iye atamaliza tiyi wake. Injini sanazimitse.

Chisenga anatsika pa takisi akuthamanga, jumbo ya tomato ili m'manja. Miriam anamusiya kwa anzake. Anawakokera a Mlenga kuseri kwa lole.

"Ba tate, mvelani. Makiyi nili nayo. Vidindo vili mu dilowa yanga. Tisegule, tiikemo fyuzi, nimange chidindo china. Sunday tizamuuza ati tinaibala pepala mukati. Palibe azaziba."

Zinali zotheka. Chowazulira misomali chinali m'shedi. Ntchito yake sinali yofika ndi theka la ola.

"Akaziba ati sininasegule, nchito yasila," anapitiriza Chisenga. "Nchito ikasila, pemiti yasila. Miriam ali mu sukulu. Nizabwelela kuli ndani ku Lusaka? Munakamba mweka pa malilo ati ndimwe ba tate banga."

"Ndinanena."

"Olo tiileke chabe iyende. Ku siteshoni bazapimanso."

"Akayesa ngati moto ukudutsa. Linki imadutsitsa moto kuposa fyuzi. Akaona chidindo chako, akati a ku London anaona kale. Ine dzulo ndinati Chisenga aona. Iwe unati ba tate aona. Woona ndani?"

Chisenga anayang'ana pansi.

"Ndiye tisinthe mwakachetechete, monga nakamba."

"Fyuzi imodzi ndiyo ndaipeza. Ukudziwa kuti zina zonse zili m'malo? Ine sindikudziwa. Mutu wanga sunali pano. Nanga mapanelo a mwezi watha, masiku amene ndinaima pambali pako? Amenewo ali kale kumeneko."

"Anali abili chabe."

"Awiri. Amenewo sitingawatsegule ndi makiyi akowo."

Sunday anaimba huta, anawaonetsa kapu yopanda kanthu. A Mlenga anatulutsa foni kuti aimbire Mayi Etta. Chisenga anawagwira mkono, kenako anausiya yekha. Anayenda kukaima kutsogolo kwa lole, jumbo ya tomato ikadali m'manja.

Mayi Etta anali mayi wamkulu thupi, wobadwira ku Lewisham, makolo ake a ku Jamaica. Anafika atavala zovala za kumunda, nkhope ili gwaa. A Mlenga sananene zambiri. Anawapatsa fyuzi ija m'manja. Mayi Etta anaiyang'ana, anayang'ana lole, anauza Sunday kuti azimitse. Anaimbira a ku siteshoni iwo eni, ndipo mawu a munthu wa mbali inayo ankamveka mpaka pabwalo.

Bokosi linatsitsidwa. Misomali inazulidwa. Mayi Etta anadula chidindo, anapereka sikuludiraiva kwa Chisenga. Chisenga anatsegula chivindikiro choyamba: fyuzi. Chachiwiri: fyuzi. Anatsika mzere wonse. Pansi penipeni, pa waya wopita ku pampu ya mkati mwa chipupa, mkuwa unang'anima. Anauzula, anauika pa benchi.

Mu ofesi Mayi Etta anafunsa Chisenga chifukwa chake sanatsegule. Chisenga anayesa kufotokoza m'Chingerezi, mawu anamuthera. A Mlenga anamuthandiza. Anati kwawo mwana sasanthula ntchito ya bambo wake bamboyo akuona. Anati iwo ankadziwa mwambowo kuposa aliyense m'shedimo, ankaona bondo likupindidwa tsiku ndi tsiku, ndipo zinkawakomera. Sanaganizepo kuti bondo lomwelo lingafike pa panelo. Anatchulanso mapanelo awiri a mwezi watha. Za makiyi ndi zidindo za m'dilowa zija sanatchule.

Mayi Etta anati sakumvetsa, ndipo sakufuna kumvetsa. Anawauza kuti apite kwawo, adzamva.

Anadikira masabata awiri. Chisenga anaonda. Ku tchalitchi ankakhala kumbuyo, osapereka moni. A Gladys anafunsa amuna awo ngati panalibe njira ina.

"Inalipo," anayankha a Mlenga.

A ku siteshoni anatsegula mapanelo awiri aja, anapeza zonse zili m'malo. Chigamulo chitabwera, a Mlenga anachotsedwa pa ntchito za nyukiliya kwa chaka, anapatsidwa zomanga mapanelo a m'masitolo ndi m'masukulu. Chisenga anapatsidwa chenjezo lomaliza, koma ntchito inatsala, chilolezo chinatsalanso. Malinki onse anapakidwa penti yofiira n'kumangiriridwa kansalu katali kolendewera, koti chivindikiro sichingatsekeke kali momwemo. Pansi pa shedi anajambulapo mzere wachikasu: womanga panelo aziima kunja kwa mzerewo pamene wachiwiri akuona.

Chisenga sanawalankhule a Mlenga mpaka Khirisimasi itadutsa. Tiyi ankadzithirira okha.

Chaka chitatha anabwezeredwa pa benchi yawo yakale. Tsiku loyamba anamaliza panelo, anatseka, anakaima kuseri kwa mzere, manja kumbuyo. Chisenga anabwera ndi sikuludiraiva. Anatsegula chivindikiro chilichonse iwo akuona. Anakoka waya uliwonse. Pa mzere wachitatu anaima, anakokanso.

"Ba Mlenga. Iyi nati siinamange bwino. Bwelani mubwezepo."

Anyamata a pa benchi yoyandikana anasiya ntchito kuti aone. A Mlenga anatola sipanala, anawoloka mzere, anamanga natiyo, anabwerera pamalo pawo.

"Pitiriza," anatero.

Anagwira ntchito pa shediyo mpaka 2009, maso atayamba kuvuta. Lamulungu loyamba atapuma, Chisenga anabwera ku Thamesmead ndi Miriam, atanyamula nsomba zouma za ku Woolwich. Pakhomo anapinda bondo monga kale. A Mlenga analandira jumboyo, anafunsa amene anatenga benchi yawo.

"Mzungu wina wachikulile. Akonda kuimilila pafupi."

"Umatani?"

"Nimamuuza ayende kuseli kwa laini."

A Mlenga anagwedeza mutu, anaitana a Gladys kuti ateleke tiyi.