Dzenje la Mkamwini

Kumtunda kwa mudzi wathu, kufupi ndi Tsangano, kuli malo amene mpaka lero anthu amati pa Dzenje la Mkamwini. Mwana akamachita makani, amayi ake amamuuza kuti, "Iwe udzakumba dzenje ngati mkamwini uja." Mkamwini ameneyo adali amuna anga. Ndikamva mawuwo ndimangoyang'ana kumbali, chifukwa pali chimene ndimadziwa ine chimene onenawo sadziwa.

Kale pamalopo padali kasupe wa amayi anga. Madzi ankatuluka patsinde pa mzere wa miyala yoyera umene udadutsa chopingasa m'mbali mwa phiri. Kumtunda kwa miyalayo nthaka inkakhala yonyowa chaka chonse, koma kumunsi kwake kudali kouma kupatula pamene padadutsa ngalande yathu. Ngalandeyo inkathirira dimba la amayi, momwe tinkalima kachewere, kabichi, anyezi ndi chimanga chodya chachiwisi. Ngakhale mu Okutobala, mitsinje ina itasanduka mchenga, kasupeyu ankangoyenda. Mabanja asanu tinkamwa pamenepo.

Amuna anga adabwera kwathu kudzakhala pachikamwini. Atalima nafe chaka chimodzi adapita kumigodi ya golide ya ku Halale, ndipo adakhalako zaka zinayi. Adabwerako nkhondo yaikulu ya azungu itatha. Anzawo ankabwera ndi njinga, ena makina osokera. Anga adabwera ndi jekete, bulangete, nyundo yaifupi ndi tchizulo ziwiri. Akazi anzanga kumtondo sadandisiye. "Abale, ena akwera njinga, inu mukwera nyundo?" Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa kwambiri.

Chinanso chimene adabwera nacho ndi maso oona miyala. Popita kutchalitchi ankatha kuima panjira, kutola mwala, kuulavulira malovu, kuupukuta pa jekete n'kumauyang'ana ngati kalata. Ine ndinkangotsogola, ndimvekere sindikuwadziwa.

Tsiku lina tikuchokera kudimba adandikhazika pansi pafupi ndi mzere wa miyala uja.

"Amayi a mwana, mukuona kuti mwala uwu ndi wosiyana ndi unzakewu?"

"Uwu ngoyera, uwu ngwakuda. Ngakhale mbuzi ikuona zimenezo."

Adaseka. Adali munthu wosakwiya msanga. "Golide samwazika paliponse ngati mawere. Kalekale thanthwe ili lidang'ambika. Madzi otentha ochokera pansi penipeni adakwera m'ming'alumo, ndipo atazizira adasiyamo mwala woyerawu. Golide, ngati alipo, adabwera ndi madzi omwewo. N'chifukwa chake kumgodi sitikumba mwachisawawa. Timatsata mtsempha wa mwala woyera, uko walowera ifenso komweko. Nthawi zina umangotha mwadzidzidzi, chifukwa thanthwe lidathyokanso pambuyo pake, chidutswa china n'kutsetsereka. Ndiye mumaufunafuna cha kumbali mpaka mutaupeza."

"Ndiye muli golide m'miyala yathuyi?"

"Mitsempha yambiri imakhala yopanda kanthu. Koma pamene mtsempha wapindika, kapena pamene iwiri yakumana, pamenepo mpata udali waukulu, madzi adachedwapo. Ngati pali chiyembekezo, chili pamalo otero."

Iwo adanena kuti "ngati". Ine "ngati" ameneyo sindidamumve. Ndidaona denga la malata, ndidaonanso nkhope za akazi a kumtondo aja. Ndine amene ndidawauza kuti, "Nanga nyundo ija mudaibweretsera chiyani? Yoswera mtedza?"

Apa ndiyenera kufotokoza za mwambo wathu, poti ana a masiku ano amadya mbale imodzi ndi apongozi awo. Nthawi imeneyo mkamwini ndi amayi a mkazi wake ankathawana. Akakumana panjira, amayi ankapatukira kutchire n'kufunda nsalu kumaso, mkamwini n'kunjuta kuyang'ana kwina mpaka adutse. Sankalankhulana maso ndi maso. Sichidali chidani ayi, udali ulemu waukulu. Mawu alionse apakati pawo ankadzera mwa ine. Amayi akafuna kuti nkhokwe ifoleredwe, ankauza ine, ine n'kukauza amuna anga. Ndidali mlatho wawo, ndipo onse awiri ankandikhulupirira.

Amuna anga adayamba kukumba titatha kukolola. Adayambira kutali ndi kasupe, cha kumapeto kwa mzere uja, n'kumautsata. Zidutswa za mwala ankazisinja pathanthwe mpaka zisanduke ufa, kenako ankatsuka ufawo m'beseni langa losambira, kulizunguza pang'onopang'ono kuti mchenga wopepuka utayike. Masabata atatu m'besenimo munkangotsala mchenga wakuda.

Sabata yachinayi amayi adandiitana pakhonde pawo akusenda nyemba.

"Iwe, akamwini akufunanji m'miyala yoyera ija?"

Ndidawafotokozera. Sadaseke, sadakalipenso.

"Ukawauze kuti kwina konse akumbe, phiri ndi lalikulu. Koma miyala ya pakasupe asaigwedeze. Ija ndi chipupa cha madzi. Ndili mtsikana, malume ako adagumulapo miyala itatu yokha yoti apange mafuwa, madzi adachepa mwezi wathunthu mpaka tidamatapo ndi dongo. Ukawauze bwino, mwaulemu."

Ndidavomera. Koma pobwerera kunyumba ndidayamba kuganiza zanga. Amayi sadatulukepo m'boma la Ntcheu, akadziwa bwanji za miyala kuposa munthu amene adakhala zaka zinayi pansi pa nthaka? Ndinkadziwanso kuti amuna anga akangomva kuti apongozi aletsa, nyundo aipachika tsiku lomwelo. Ankakonda kunena okha kuti mkamwini asamakule mwendo. Ndiye nditafika ndidangoti, "Amayi akuti muzisamala, miyala ingakuphwanyeni zala."

"Mukawathokoze apongozi," adatero, akuoneka kuti zawakhudza mtima.

Patapita masiku, adapeza kamtsempha kena kakang'ono, kofiirira ngati dzimbiri, kotsika kuchokera pamwamba pa phiri. Atasinja mwala wake n'kutsuka, adandiitana ndi mawu otsika. Pansi pa beseni padali timadontho tiwiri tachikasu, tochepa kuposa mbewu ya fodya. Ndidagwira pakamwa. Iwo adadula ndodo ziwiri zazitali, ina n'kuigoneka motsata mtsempha waukulu, ina motsata waung'onowo, n'kuyang'ana kumene zikulozera. Mitsempha iwiriyo inkakumana mapazi ochepa chabe kuchokera pamene kasupe ankatulukira.

Amayi adaona kuti dzenje likusendera. Adandiitananso, kenako kachitatu. Ulendo wachitatuwo adandigwira dzanja.

"Kodi mawu anga udawafikitsa?"

"Ndidawafikitsa, amayi."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Akuti akudziwa chimene akuchita."

Amayi adandisiya dzanja. Adali asadanyozedwepo ndi mkamwini, ndipo ndidaona kuti zawapweteka. Komabe mwambo sudawalole kukwera phiri kukaima pamaso pake.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri n'chakuti amuna anga nawonso adakayika. M'mawa wa tsiku loswa mwala wa pamphambano paja, adaima nthawi yaitali akuyang'ana madzi.

"Kumgodi madzi ankatipeza m'ming'alu yomweyo imene tinkatsata," adatero. "Madzi ndi mwala woyera zimayenda njira imodzi. Kasupeyu ine ndamupeza, apongozi adabadwa naye. Kodi sadanenepo kanthu za malo ano?"

Ndikadangotsegula pakamwa, bwenzi lero kulibe nkhani. Koma ndikadanena zoona, zikadaululika kuti ndakhala ndikubisa uthenga mwezi wathunthu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

"Sadanene kanthu," ndidatero.

Mwala wa pamenepo udali wolimba, tchizulo inkangodumpha. Ndiye adaunjikapo nkhuni n'kusonkha moto waukulu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kenako adathirapo madzi ozizira. Madziwo ndidatunga ndine, pakasupe pomwepo, mitsuko isanu ndi umodzi. Mwala udalira ngati mfuti n'kung'ambika. Atatokosa ndi chitsulo, chibenthu chachikulu chidagwa, ndipo madzi ofiira adatumphukira m'dzenjemo mpaka m'mawondo. Ine ndidasangalala, ndimvekere tapezanso kasupe wachiwiri. Amuna anga sadasangalale. Adali kuyang'ana pansi pa dzenje, mbali yakumunsi, pamene madziwo ankazungulira n'kumalowa mumng'alu wa thanthwe lakuda.

M'mawa mwake ngalande ya kudimba inkayenda theka. Patatha masiku anayi pakasupe padatsala matope ndi achule. Amuna anga adayesa zonse. Adatuta dongo la mbiya, adatsindira masaka ndi miyala, adagwira ntchito mpaka zikhato kutuluka magazi. Madzi adali atapeza njira ina, pansi, kumene khasu silifika. Iwo okha adandifotokozera kuti mzere woyera uja ndiwo unkatchinga madzi otsika m'phiri kuti adzaze n'kusefukira pamwamba, ndipo kuti iwo adauboola. Adanena ndendende zimene amayi adanena, osadziwa kuti zidanenedwa kale.

Golide yense amene adapezeka pamphambanopo adakwana m'phesi la nthenga ya nkhuku, osadzaza n'komwe.

Kachewere adafota, kabichi adapserera. Mabanja asanu aja adayamba kutsikira kudambo kukatunga madzi, ulendo wotenga m'mawa wonse. Amayi adaitanitsa ankhoswe, malume anga kumbali yathu ndi akulu awo a amuna anga kumbali inayo. Tidakhala pabwalo la amayi. Amayi adakhala pakhomo atatifulatira, monga mwa mwambo, ndipo ankalankhula kwa malume.

"Achimwene, ine sindikudandaula kuti mkamwini adalakwitsa. Munthu amalakwitsa. Ndikudandaula kuti ndidatumiza mawu katatu kuti miyala ya pakasupe isagwedezeke, ndipo yankho lidabwera loti akudziwa chimene akuchita. Pamudzi panga pano."

Amuna anga adadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sadandiyang'ane mwaukali ayi. Adangondiyang'ana ngati mmene ankayang'anira mwala, mpaka ataona chimene chili m'kati. Ine ndinkadziwa kuti mkazi wonamiza amayi ake ndi mwamuna wake nthawi imodzi sangayendenso mutu uli m'mwamba pamudzi.

Akulu awo aja adafunsa amuna anga, "Nanga iwe, uthenga umenewu udakupeza?"

"Udandipeza," adatero amuna anga. "Katatu konse. Ine ndi amene sindidamve. Apongozi andikhululukire."

Ndidakhala chete. Pabwalopo padali mpata wokwanira woti ndiyankhule, ndipo palibe adanditseka pakamwa.

Ukwati sudathe, koma amayi adati mkamwini asakhudzenso khasu m'munda mwawo. Mwamuna wosalima pachikamwini akhalira chiyani? Mvula isadagwe adamanga bulangete lake n'kubwerera kumigodi. Nyundo adaisiya. Ndidawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo panjira yonseyo adangondiuza za mbuzi yoti ndisaigulitse ndi za denga lodontha.

Kenako kudabwera chaka cha njala yaikulu ija, mvula itadula chimanga chisadamasule. Amene adali ndi madimba a madzi adapulumukira kachewere ndi maungu. Ife tidadya gaga ndi mizu. Ndinkaona amayi, msana utapindika kale, akukwera chitunda ndi kamtsuko kamadzi, akupuma katatu asadafike. Podutsa pafupi ndi dzenje lija ankalavula malovu. Adamwalira patapita zaka zitatu, akukhulupirirabe kuti mkamwini wawo adawanyoza. Ndidawadwazika miyezi iwiri. Tsiku lililonse ndinkati ndiwauza mawa.

Amuna anga adabwerako amayi atapita kale, ataonda, ali ndi chifuwa cha fumbi la kumgodi. Adakhala nane zaka ziwiri. Kamodzi kokha ndidayesa kuyamba nkhaniyo, tikuwamba chimanga pakhonde. Ndidangoti, "Bambo a mwana, za tsiku lija pabwalo…" Adakweza dzanja.

"Madzi akatayika saoleka, amayi a mwana. Tembenuzani chimangacho chingapserere."

Sadanditukwanepo, sadandikumbutsepo. Ndikadakonda akadandikalipira ngakhale kamodzi, mwina mtima ukadapepukako. Ulendo wachiwiri wa kumgodi uja ndi umene udawadya mapapo, ndipo ulendowo adaupita chifukwa cha ine.

Nthenga ija ndikadali nayo, m'kachitini ka fodya. Sindidaionetsepo munthu. Nthawi zina ndimaganiza kuti amayi ndi amuna anga ankadziwa chinthu chimodzimodzi, wina adachiphunzira pakasupe, wina pansi pa mgodi. Akadakhala pamphasa imodzi kanthawi kochepa chabe, bwenzi atamvana, mwinanso kukondana kwambiri. Pakati pawo padali ine.

Sabata yatha mdzukulu wanga, amene tsopano ndi mayi, ankalimbana ndi kamwana kake kokana kusamba. Ndidamumva akuti, "Makani ngati a mkamwini wa dzenje!" Sakudziwa n'komwe kuti akunena agogo ake. Ulendo uno sindidayang'ane kumbali. Ndidati, "Iwe, usamawatchule choncho. Uthenga sadaulandire. Ndidaubisa ndine."

Adandiyang'ana, sopo ali m'manja. "Uthenga wanji, agogo?"

Ndidayamba kufotokoza za kasupe, koma iye sadamvepo kuti kumtunda kuja kudali madzi. Onse amene akadamvetsa adapita. Adandisisita paphewa, nati dzuwa landiwomba kwambiri, ndilowe m'nyumba ndikagone pang'ono.