Mabawuti a Frackson

A Frackson, mbadwa ya ku Rumphi, ankadyera makoma a eni. M'nyumba za azungu ku Milnerton ndi ku Noordhoek, kudziko lakunja komwe anapita kukasaka ntchito, ankapachika mabokosi olemera a pulasitiki yoonekera ngati galasi, osungiramo jezi za mpira, mamendulo, ngakhale nsapato za ukwati. Asanaboole ankayamba agogoda khoma, khutu lili pomwepo, kuti amve ngati ndi njerwa kapena chibodi chabe. Chimene apachika iwo sichinkagwa, ndipo ankadzitama nazo mpaka kutopetsa.

Mkazi wawo Maness atamwalira kumudzi, kumaliro sanapiteko. Pasipoti inali itatha kalekale. Akanatuluka sakanabwereranso, nanga ana akanadya chiyani? Analirira pafoni basi. Patapita miyezi, a transipota anawabweretsera kaphukusi kochokera kwa alamu awo. Munali duku lobiriwira la malemuwo, likumvekabe fungo la mafuta a kumutu.

Bwana wawo anawapatsa bokosi lina lokalika pangodya. Anayalamo dukulo bwinobwino n'kutseka kuti fungo lisathawe. Koma khoma lake liti? Komwe ankagona ku Joe Slovo kunali malata ndi makatoni, ndipo matsotsi akumeneko amaba ndi ndowa yomwe. Choncho anaboola nsanamira yachitsulo yapakati, n'kumangirirapo bokosilo ndi mabawuti osamasulika popanda sipanala yakeyake.

"Achimwene, mwamanga ngati ku banki," anawaseka Hamis, mnansi wawo wa ku Mangochi.

"Wakubayo adzasenze nyumba yonse," anayankha motero.

Lamlungu lina masana, mphepo ikuwomba mwamisala, sitovu ya palafini inagubuduka kumtunda kwa mzere wa nyumba zawo. Moto wa m'malata sudikira munthu. Anthu anatuluka ndi matilesi, mawayilesi, ana kumsana. A Frackson anathamangira bokosi lawo. Kukoka, ayi ndithu. Sipanala ija inali m'galimoto ya bwana. Anamenya ndi mpando, anamenya ndi njerwa yotsekera chitseko, koma si iwo omwe ankauza makasitomala kuti pulasitiki imeneyi siisweka? Hamis anawagwira m'chiuno n'kuwakokera kunja, iwo akuitana Maness ngati kuti ayankha.

Moto utazima anabwerera paphulusa. Mtima unawawa kuposa tsiku la uthenga wa maliro, chifukwa ulendo uno anachita ndi manja awo omwe. Bokosi linali litasungunuka, duku osaoneka ngakhale kaulusi. Nsanamira yokha inali chiimire, yakuda bii, mabawuti onse ali m'malo mwake, osagwedezeka ngakhale limodzi.