Phewa la Mdzukulu Wanga

"Ambuya, kuno mwana akaoneka ndi mikwingwirima, aboma safunsa kawiri. Amangomutenga." Anandiuza zimenezi ndi mayi wina wa ku Lusaka, mkazi wa dalaivala wa ku embase, tili panja pa tchalitchi, ndisanathe n'komwe mwezi m'dziko lino. Munali m'zaka za m'ma 1970. Mwana wanga wamkazi anali atandiitanitsa kuchoka kwathu kuti ndizidzamulerera khanda iye akapita kuntchito ku Washington. Mayi uja anali wolongolola ndipo zambiri zimene ankanena ndinkazitaya, koma mawu awa anandikhala.

Tsono mdzukulu wangayo, kamtsikana, anali mwana wa mikwingwirima. Kungokhudza mwendo wa tebulo, m'mawa mwake pamalopo pada bii. Anachedwa kuyenda. Atayamba, maondo ake ankapindikira kumbuyo akaimirira, ndipo ankagwa pamalo opanda chomupunthwitsa. Ndinkamuveka malaya aatali manja ngakhale nthawi yotentha, ija imakumata thukuta usanafike pamsewu. Pansi pa nyumba yathu yosanja ku Gaithersburg panali bwalo losewerera ana, koma iye sanapondepo. Mzungu wina wachikulire wa khomo loyang'anizana nafe ankatibayibitsa tsiku lililonse. Ine mumtima ndinkati, ameneyu akuwerenga mabala.

Choncho ndinkamubereka. Kusitolo pamsana, kutchalitchi pamsana, mpaka anakwanitsa zaka zisanu, miyendo ikundimenya m'ntchafu.

"Amayi, mwanayu wakula, mutsitseni aziyenda," amake ankatero.

"Akagwa akabwera aboma, ukayankha ndiwe? Iwe umakhala uli ku ofesi."

"Anthu akutiseka."

"Aseke. Mwana ndi wawo?"

Mukudziwa mmene timanyamulira mwana kwathu. Umawerama, kumugwira mkono umodzi chakumtunda, n'kumuponya kumsana, chitenje pamwamba. Ana anga onse ndinawanyamula choncho, inenso ndinanyamulidwa choncho. M'mawa wina tikuthamangira basi, ndinamugwira mkono ngati masiku onse. Ndinamva kuti khu! m'dzanja langa. Mwana anakuwa, mkono uli lende.

Chimene ndinachita ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Sindinathamangire kuchipatala. Ndinabwerera naye m'nyumba, kukhoma chitseko, kutereka madzi kuti ndimuthowe. Ndinakhala pafupifupi ola lathunthu ndikumunyengerera kuti asalire mokweza. Atayamba kusanza chifukwa cha ululu m'pamene ndinaimbira amake foni.

Kuchipatala phewalo analibwezera, kenako anamuvula malaya. Zonse zimene ndinabisa zaka zisanu zinali poyera, zakale ndi zatsopano. Namwino analemba kanthu papepala. Ine ndinasendera n'kukhala pakati pa mwana ndi chitseko.

Kunabwera dokotala wina wa imvi. Mikwingwirimayo sanachedwe nayo. Anagwira chala chachikulu cha mwana n'kuchipinda pang'onopang'ono mpaka chinakhudza mkono, mwana osamva kuwawa. Anatsina khungu la pachigongono, linatamuka ngati mphira. Kenako anayankhula ndi mwana wanga m'Chingerezi.

"Amayi, akuti mubweretse dzanja lanu."

"Alitani? Wodwala si ine."

"Ingobweretsani."

Chala changa chinapindika chimodzimodzi. Ndili mtsikana ndinkaseketsa nacho anzanga kudambo, ndipo malemu mayi anga ankamanga nsanza m'maondo moyo wawo wonse. Tinkangoti ndi mmene tinabadwira. Dokotala anati n'zoonadi, ndi za kumtundu: timinyewa tomanga mafupa pamodzi n'tolobodoka, khungu ndi mitsempha ya magazi n'zosalimba, n'chifukwa chake mikwingwirima. Mankhwala ochiza palibe. Chimene chingagwire mafupawo kuti asamaguluke ndi minofu, ndipo minofu imalimba mwana akamaigwiritsa ntchito. Anafinya ntchafu ya mdzukulu wanga, yofewa ngati ya khanda, n'kufunsa kuti amayenda mtunda wotalika bwanji patsiku. Mwana wanga anandiyang'ana. Funso limenelo sanandimasulire, ndinalimva ndekha.

Palibe amene anatilanda mwana. Koma m'takisi pobwerera sindinapume bwino. Matenda anachokera kwa ine, ndipo mphamvu zochepa zimene akanakhala nazo ndinamudyera ndine pamsana.

Tinayamba kupita kwa mayi wina wophunzitsa mafizo. Ankamukoketsa lamba wa mphira, kumuimiritsa ndi mwendo umodzi, kumulowetsa m'dziwe losambiramo. Mayi ameneyonso sindinamukhulupirire. Ndinkakhala pampando wapafupi, chitenje chili m'chikwama, maso pa manja ake. Mwana akadzandira ine ndaimirira kale.

"Agogo, sit down! Ndikhoza!"

Phewalo linagulukanso kawiri, bondo kamodzi. Ulendo uliwonse ndinkati basi tisiye, amake n'kukana. Lero, patatha zaka khumi, ali ku sekondale, amakwera basi yekha, chikwama cha mabuku amachikumbatira kutsogolo. Amatopa msanga kuposa anzake, ndipo akachedwa kuimba foni ine ndimakhala nditayamba kale kuganiza za chipatala.

Iye ndi amake anasamukira ku Fairfax. Ine ndinakana, masitepe a kuno ndimawadziwa. Koma mafupa anga nawo ayamba kuchita zawo. Botolo la mafuta sinditha kulitsegula. Lamba wa mphira wa mdzukulu wanga uja ndimakoka ndekha m'mawa, pamene palibe wondiona. Sabata yatha chiuno chinandithawa kukhitchini, ndinakhala pansi nthawi yaitali ndisanapeze pogwira. Mwana wanga sindinamuuze, angandipititse kunyumba zosungirako okalamba.

Ndiye inu amene mwawerenga izi, makamaka a kutchalitchi, mukaona Lamlungu ladutsa osandiona, kwerani mudzagogode. Munene kuti ndinu ndani, m'Chichewa, mokweza. Ndikachedwa kutsegula musachoke. Ndikapanda kuyankha, itanani woyang'anira nyumba, ali ndi kiyi.