Tsiku Limene Ndinalusa

Kuno kwa Kanduku munthu amakwiya, amapsa mtima, mwina amanyanyala. Kulusa n'kwa galu, njuchi ndi njoka. Koma ine mawu amenewa anandimata, ndipo sindinawakane.

Ndinafika kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique, n'kukwatiwa. Ine ndi amuna anga tinadzala manachesi kuseri kwa nyumba, madzi othirira ndikusenza ndekha kuchokera kudambo. Iwo anamwalira matipate atangoyamba, nthawi imene anzanga ankakwera malole kubwerera kwawo. Ine ndinatsala, ndi ana awiri.

Manachesi atapsa, m'mawa wina ndinapita kuchigayo. Pobwera ndinapeza galimoto pabwalo. Alamu anga, akulu awo a malemu, anali m'mitengo ndi wogula wa ku Blantyre, madengu anayi atakwezedwa kale.

"Alamu, kodi mukutani?"

"Mitengoyi ndi yakumtundu kwathu," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Anzanu apita. Inu mukudikira chiyani?"

Zaka zonsezo ndinali ndisanalankhulepo nawo chiimirire. Ndinkagwada kaye. Tsikulo mawondo anakana. Ndinatula ufa, n'kukwera pagalimotopo, n'kugubuduza madengu onse. Manachesi anangoti mbwee mpaka kumsewu, mbuzi n'kuthamangira. Kenako ndinakakhala pansi kutsogolo kwa tayala.

"Mundiponde kaye ineyo. Ndinathawa mfuti, inu sindikuthawani."

Wogula uja anapukusa mutu. "Bambo, mayiwa alusa. Ine zimenezi ayi."

"Taonani, anthuni!" alamu anakuwa, poti anthu anali atadzaza. "Walusa ngati galu!"

"Eya, ndalusa. Pano m'pakhomo panga."

Galimoto inabwerera chambuyo, yopanda kanthu.

Lamlungu, mayi wina wamkulu wakumpingo anandikokera pambali.

"Mukapepese, amayi. Mukanene kuti munangopsa mtima."

Ndinawauza kuti mtima ndinapsapo kambirimbiri, ndikuphika, ndikumwetulira alendo, popanda wodziwa. Kupsa mtima kumathera m'kati, kumadya mwini wake. Chimene chinandigwira tsiku lija chinatulukira kunja, mudzi wonse unachiona, ndipo dzina lake ndi lomwe alamu ananenalo.

"Nanga ulemu wanu?"

"Ana anga adya ulemuwo?"

Anangokonza duku lawo n'kulowa m'tchalitchi.

Alamu anatha zaka zitatu osaponda pakhomo panga. Tikakumana pamaliro ndinkawapatsa moni, nditaimirira.