Dzino Lomwe Linkamva Mtedza

K1,400,000. Umenewo ndiwo mtengo umene Tryphena anabwera nawo kuchokera ku Lusaka mu Ogasiti 1997, utalembedwa pa kapepala ka dokotala wa mano. Amalume ake, a Ezron Mtonga, anagwira kapepalako ndi manja awiri n'kuwerenga maziro ndi chala. Analipo asanu. Pa mtengo wa chaka chimenecho, ndalamazo zinali matumba makumi atatu ndi asanu a mtedza wosenda. Zonsezo dzino limodzi.

Koma dzino limenelo silinali dzino wamba, ndipo aliyense wolima mtedza wa chalimbana kwa Mwase Lundazi angakuuzeni.

A Ezron anayamba ntchito pa depoti ya kopaletivi mu 1979, yonyamula matumba. Kumeneko n'kumene anazindikira mphatso yawo. Alimi akwathu ali ndi kachitidwe kawo: akafuna kusenda mtedza amayamba authira madzi kuti makoko afewe, njere zisasweke. Ena dzanja limawalemera pothira madziwo, chifukwa mtedza wonyowa umakoka bwino pa sikelo. Ukauona ndi maso sungausiyanitse ndi wouma. Koma ukautsekera m'thumba, pakapita masabata awiri umachita chuku, thumba lonse n'kutayika.

A Ezron ankapisa mkono m'thumba mpaka m'chigongono, n'kutulutsa njere zitatu za pakati penipeni. Imodzi ankaiika pa dzino lakutsogolo, lakumwamba, la mbali ya kumanja. Kenaka ankatsinzina. Mtedza wouma unkati thwa! n'kugawika pawiri. Wonyowa unkalola dzino kulowa pang'ono usanasweke, ndipo kapang'ono kameneko iwo ankakamva.

"Uyu abwelele padzuwa masiku awili," ankatero, osakweza mawu.

"A Mtonga, wauma uyu! Mwezi wathunthu pa mphasa!"

"Mphasa yanu ili pafupi ndi chitsime, amama. Masiku awili."

Mayiyo ankaseka, n'kusenzanso thumba lake. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, palibe thumba limene a Ezron analivomereza limene linaola.

Kopaletivi itatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, a Ezron anabwerera ku munda ndi ng'ombe zawo zinayi zolimira. Amene anawabwezera pa sikelo anali Tryphena, mwana wa mlongo wawo, mtsikana wochangamuka amene anayamba ndi kugulitsa mchere ndi sopo, kenaka n'kuyamba kugula mtedza wokagulitsa ku Lusaka. Sikelo anaipachika pa mtengo wa mango patsogolo pa golosale ina yofolera udzu. Iye ankalipira alimi, amalume ake ankaluma. Ankawaitana Chitumbuka, kuti asibweni.

Kawiri konse Tryphena anawapempha kuti amuphunzitse.

"Asibweni, ndionetseni mmene mumvela. Tsiku lina mudzadwala malungo, nanga ine ndidzatani?"

"Iwe gwila chikwama, mtedza usiile ine. Izi siziphunzitsika, zili m'dzino."

Zoona zake n'zakuti zinkaphunzitsika. Kungoti a Ezron ankakonda kuona anthu ataima pamzere kudikira pakamwa pawo.

Lachiwiri lina m'mawa, mu Juni wa 1997 yemweyo, a Ezron akukweza thumba pa sikelo, chingwe chinaduka. Mbedza yachitsulo inadumpha n'kuwamenya pakamwa. Anakhala pansi ali mbuu, magazi ali chuchuchu pa malaya. Pa chiguduli chimene anayala pansi panali dzino lija, lathunthu, ndi muzu wake womwe, losasweka ngakhale pang'ono.

Amayi amene anali pamzere anayamba kukuwa. Tryphena anagwira kumutu. A Ezron anachita manyazi kuti munthu wamkulu akhale pansi pamaso pa azimayi, ndiye anaganiza zoisandutsa nthabwala. Anatola dzinolo, napita pafupi ndi golosale, naifulatira monga amachitira ana likawagweluka dzino.

"Khwangwala, tenga lako lakale, undipatse latsopano!"

Analiponya chambuyo, linakagwera pa denga la udzu. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Mwini golosale anati khwangwala wa chaka chino sapereka dzino kwa munthu wa imvi. A Ezron anachukucha m'kamwa ndi madzi a mchere, n'kubwerera pa sikelo.

Pa nthawi yomweyo lole imene Tryphena anachita hayala inali italiza kale injini, ikupita ku boma ndi matumba. Ndipo pansi pa mango womwewo panali mayi wina akugulitsa mkaka m'mabotolo. Zinthu ziwirizi a Ezron anadzazikumbukira kambirimbiri pambuyo pake.

Tsiku lachitatu mlomo unatupa, ndiye anapalasa njinga kupita ku chipatala ku boma. Woona za mano kumeneko anali a Misheck Zulu, bambo wodekha wa magalasi. Anawayasamitsa, nayang'ana ndi kagalasi.

"Latuluka lonse ndi muzu. Mwabwela nalo?"

"Lili pa denga."

"Pa denga la ndani?"

A Ezron anafotokoza, akuyembekezera kuti nawonso aseka. A Zulu sanaseke. Anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Adada, dzino la munthu wamkulu likazuka lathunthu, musamalitaye. Mukanaliika mu mkaka n'kufika kuno ola lisanathe, ndikanalibwezela m'malo mwake n'kulimanga ndi waya. Sindikuti likanagwila ndithu. Koma ambili amagwila."

"Mu mkaka?"

"Mkaka wa ng'ombe womwewu."

Kenaka a Ezron anafunsa ngati lingabwezeredwebe atakalipeza. A Zulu anapukusa mutu, nati muzu unafa kale. Anawauza njira ziwiri zotsala. Ku Chipata amapanga dzino la pulasitiki lovala ndi kuvula, la K60,000, koma limenelo n'longotseka mpata, silolumira zolimba. Ndipo anamva kuti ku Lusaka kuli dokotala wolipiritsa amene amaboola fupa, n'kulowetsamo kachitsulo kopota ngati bawuti, n'kumangirapo dzino losachoka.

Ngakhale anauzidwa kuti n'zosathandiza, pobwerera a Ezron anaima pa golosale paja. Anabwereka nsungwi n'kumatokosa udzu wa padenga. Munagwa fumbi ndi zitosi za mbewa basi.

Ntchito inayamba kuvuta. Dzino linzake lakutsogolo linali litagwedezeka ndi mbedza ija, moti likangokhudza chinthu cholimba ululu unkafika mpaka m'diso. Anayesa mano am'mbali, koma amenewo amangophwanya, wouma ndi wonyowa chimodzimodzi. Iwo eni ankati mano am'mbali ndi agonthi. Komabe sanauze munthu. Ankapisa mkono m'thumba monga kale, n'kutsinzina monga kale, n'kumangolota.

Alimi ena anazindikira msanga kuposa Tryphena. Mu Julayi madzi anachuluka m'matumba. Katundu atafika ku Lusaka, wogula anang'amba thumba loyamba n'kupeza chuku chobiriwira. Matumba khumi ndi asanu ndi atatu anakanidwa.

Tryphena atabwerako sanakalipe. Anakhala pa mpando wa ndalema pakhomo pa amalume ake, maso ali pansi.

"Asibweni, mukanandiuza."

"Ndimayesa libwelela lokha, kumva kuja."

"Chaka chamawa zikadzachitikanso, ine malonda atha. Ndipo inu ntchito yatha."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kapepala kaja. Anali atamufunafuna dokotala amene a Zulu anatchula, mpaka anamupeza. Anafotokoza mwachangu monga mwa chizolowezi chake: maulendo awiri, woyamba woika chitsulo, wachiwiri pakapita miyezi inayi woika dzino. Akayamba Seputembala, pofika Meyi, mtedza watsopano ukamatuluka, adzakhala akuluma. Iye adzalipira basi ndi pogona. Zotsalazo a Ezron anaziona okha m'khola: ng'ombe zinayi pa K300,000 iliyonse, kuphatikizapo njinga ndi mbuzi.

Akazi awo, a Faides, anamva zonse ali pakhonde akusankha nyemba.

"Atate a Luke, ndiye kuti mvula ikagwa tidzamangilila pulawo ku dzino lanulo?"

"Dzino ndi limene linagula ng'ombezo."

"Linagula ndi lija munapatsa khwangwala. Ili ndi la mzungu, simulidziwa."

"Iwe ufuna ndizikhala pakhomo ngati mphika wosweka?"

"Ine ndinakwatiwa ndi munthu, sindinakwatiwe ndi dzino. Gwelu ali nalo ndi ambili, ngakhale akulu a mpingo. Amaimba bwinobwino."

Chimene chinkawapweteka a Ezron sichinali gweru, mpata wa m'kamwawo. Chinali chakuti Lachiwiri lapitalo mayi wina anafika ndi thumba pa sikelo, n'kuyang'ana Tryphena, osati iwo.

Loweruka anatulutsa Bantomu, ng'ombe yofiira imene inkatsogolera pa goli, n'kuigulitsa kwa anthu a butchala a ku boma. Anafulumira dala kuti mtima usabwerere. Bantomu anakana kukwera lole, mpaka mwini wake anachita kumuitana ndi dzina ali pamwamba. A Faides tsiku limenelo anapita ku dimba m'mamawa, sanafune kuona.

Zitatu zotsalazo anapangana ndi ogulawo kuti adzazitenge kumapeto kwa mwezi. Tryphena anali kupitanso ku Lusaka ndi katundu womaliza, ndiye a Ezron anamupatsa K300,000 ija kuti akaperekeretu. Anamupatsanso kamtedza kodzaza dzanja, atakamanga pa kansalu.

"Ukamuonetse dokotalayo. Ukamufunse ngati dzino lakelo limamva."

Patapita sabata Tryphena anatsika minibasi, n'kulunjika ku munda kumene amalume ake ankazula mapesi a fodya.

"Monile, asibweni."

"Yewo. Wayenda uli?"

Tryphena anatulutsa ndalama zija zili chimangire ndi mphira, n'kuwapatsira m'manja.

"Dokotala wakana?"

"Sanakane. Ine ndiye sindinapeleke. Ndinayamba ndamufunsa funso lanu lija."

"Ndiye wati bwanji?"

"Poyamba anaseka. Kenaka ndinamufotokozela ntchito yanu, ndiye analeka kuseka. Akuti kuluma liluma, ngakhale chimanga chokazinga. Koma akuti dzino lobadwa nalo limakhala pa timitsempha ting'onoting'ono, ndi timene timauza munthu kuti ichi n'chofewa, ichi n'cholimba. Timeneto tinapita ndi dzino lija. Lachitsulo limagwila ku fupa ngati msomali pa thabwa. Akuti mudzatafuna, mudzaseka pa anthu, koma kakusiyana kamene inu mufuna, iye sangalonjeze."

A Ezron anakhala pa mzere, ndalama zili m'manja.

"M'basi monse ndimaganiza zongokhala chete," anatero Tryphena. "Ndimati mwina dokotala sadziwa, mwina inu mudzamva ndithu. Koma ng'ombe zitatu, asibweni."

"Bantomu anamudya kale ku boma."

"Ndidziwa."

Lilime la a Ezron linkangopita pa gweru paja, monga linkachitira kuyambira mu Juni. M'maganizo anaona botolo la mkaka pansi pa mango. Anaona lole ikufuka utsi, malo alipo kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Anamvanso anthu akuseka, ndipo anakumbukira kuti tsiku lija kusekako kunawakomera.

"Kansalu kaja kali kuti?" anafunsa.

Tryphena anakatulutsa. A Ezron anamasula, nasankha njere imodzi.

"Yasama. Osati am'mbali, lakutsogolo. Usalume msanga ngati uli ndi njala. Ingoliika, kenaka ukanikize pang'onopang'ono. Tsinzina."

Thwa!

"Wamva chiyani?"

"Wasweka."

"Ngakhale mbuzi idziwa kuti wasweka. Usanasweke, wamva chiyani?"

Tryphena anatsegula maso. "Palibe."

"Ndiye wouma ameneyo. Wonyowa umayamba wakugwila dzino, ngati ukupempha kuti udikile." Anapukusa mutu. "Unandipempha kawili. Ndikanakuonetsa dzino lilipo, bwenzi tikuluma njele imodzi, theka iwe theka ine, n'kumakuuza pomwepo. Lomba ndizingomvela ndi khutu."

"Khutu lilipo, asibweni. Mpaka Meyi ndi miyezi isanu ndi itatu."

Madzulo a tsikulo a Ezron anatumiza uthenga kwa anthu a butchala kuti ng'ombe zitatu zija sizikugulitsidwanso. A Faides atamva anangowaonjezera ndiwo m'mbale. Pa K300,000 ija, K60,000 ipita ku dzino la pulasitiki la ku Chipata, loti azivala ku tchalitchi ndi pa maliro. Yotsalayo agula kang'ombe kakang'ono kudera la kwa Kapichila, koti kayambe kuzolowera goli, ngakhale chaka chino munda wakumtunda ulimidwa theka lokha.

Lolemba m'mawa a Ezron akonza mabeseni atatu a mtedza: wouma, wothira madzi dzulo lake, ndi wothira madzi n'kuuyanika tsiku limodzi. Tryphena azidzaluma atamangidwa nsalu kumaso, njere makumi awiri pa tsiku, iwo ali pambali pake kumvetsera. Lachinayi akwera basi yopita ku Chipata kukayezetsa m'kamwa.