Mayi Telala ndi Macheka Amagetsi

Mayi telala a nyumba yapakona anasiya kusoka, koma khutu lawo silinapume. Makina aliwonse amayamba awamvetsera asanagule. "Chitsulo sichinama, amanama ndi wogulitsa," amatero. Macheka amagetsi odulira nkhuni anasankhanso choncho: analiza atatu m'sitolo, n'kutenga opepuka, olira mosatsokomola. Akamadula, chingwe cha magetsi amachikoleka paphewa ngati tepi yoyezera, kuopa kuchicheka.

Tsiku loyamba, amene anamanga tcheni cha machekawo anali mkamwini wawo. Anakanikiza machekawo pachipika mpaka thukuta kamukamu, koma chipikacho chinangofuka utsi.

"Akuberani, amayi," anatero mkamwiniyo. "Kabwezeni, mubwere tizikakhala kwathu. Kudula nkhuni si kwa msinkhu wanu."

Mayiwo anazula pulagi, n'kuvala magalasi, n'kuyendetsa chala patchenipo.

"Bambo, manowa ayang'ana kumbuyo. Mukaika singano motembenuza, mlandu ndi wa nsalu?"

Mayiwo anatembenuza tcheni, n'kuthira oyilo, n'kuliza. Utuchi unangoti mbwee, chipika chija chili pawiri.

"Tolani muziunjika uko, bambo. Kwanuko ndidzabwera ndithu, kudzakusiyirani mtolo wa nkhuni."